Kompyuta Yagona Ikukompaila, Yadzuka Ikukompailabe: Nditani?

Wowerenga wina watilembera motere:

"Bambo, ndithandizeniko maganizo. Ndimagwiritsa ntchito Gentoo pa laputopu ya ma-core 4, ma-thread 8, ndi RAM ya 8 GB. Ndinakhala miyezi inayi osachita update. Lachisanu madzulo ndinalemba emerge -uDN @world, inandionetsa mapaketi oposa 300, ndipo pofika Lamlungu usiku inali isanamalize. Mu make.conf ndinaika MAKEOPTS ya -j9, ndinauzanso emerge kuti izimanga mapaketi anayi nthawi imodzi, n'kuwonjezera -O3 ndi LTO chifukwa ndinamva kuti zimathamangitsa makina. Ikafika pa qtwebengine, mausi imauma, feni imalira ngati ikufuna kuuluka, ndipo kawiri konse ntchito yaima ndi uthenga wakuti cc1plus yaphedwa. Kodi ndigule kompyuta ina, kapena Gentoo ndingoisiya?"

Achimwene, khazikani mtima pansi kaye. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona chizindikiro chakuti laputopu yanu yawonongeka, ndipo palibe chimene mwachita chosabwezeka. Gentoo, imene ndi mtundu wa Linux, imamanga (imakompaila) mapulogalamu kuchokera ku source code, malangizo olembedwa ndi opanga mapulogalamuwo, pa makina anu omwewo, choncho kudikira n'gawo la moyo wake: walira mvula walira matope. Koma masiku awiri athunthu si matope wamba ayi. Nthawi yambiri imene mwataya yadyedwa ndi mizere iwiri kapena itatu ya mu make.conf yanu, failo ya makonzedwe a kamangidwe ka mapulogalamu, komanso ndi mapaketi ochepa kwambiri amene mwina simunafunikire n'komwe kuwamanga nokha. Ndakhala ndikusamala makina a mtundu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo anthu akabwera ndi dandaulo ngati lanu, kawirikawiri vuto limakhala lomweli: kompyuta yasenzetsedwa katundu woposa msana wake, mwini wake n'kumaganiza kuti akuithandiza.

Musanasinthe kalikonse, fufuzani kumene nthawi ikupita. Portage, pulogalamu yoika mapaketi mu Gentoo imene mumailamula ndi emerge, imalemba zonse zimene yachita mu failo ya /var/log/emerge.log, ndipo pali timapulogalamu tiwiri towerenga failo imeneyo: qlop, imene imabwera ndi portage-utils, ndi genlop. Mukalemba qlop -t qtwebengine ikuuzani kuti paketi imeneyo inatenga nthawi yaitali bwanji ulendo uliwonse imene inamangidwa. Chitani chimodzimodzi ndi gcc, llvm, clang, rust, nodejs, webkit-gtk, libreoffice ndi msakatuli amene mumagwiritsa ntchito. Mukaphatikiza manambalawo mudzaona chithunzi chimene ine ndachiona kambirimbiri: mwa mapaketi 300 aja, ambirimbiri amatha m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo maola ambiri amapita ku zimphona zosakwana khumi. Izi n'zofunika kuzidziwa chifukwa zimasintha funso lonse. Simukufuna njira yofulumizitsa mapaketi 300. Mukufuna njira yothana ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi.

Tsopano tibwere pa cc1plus yophedwayo, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yanu. cc1plus ndi gawo la GCC, compiler yosandutsa source code kukhala pulogalamu, limene limakompaila C++. Mukalemba -j9, mukuuza make, chida choyendetsa kumangako, kuti iyambitse ntchito zotere zisanu ndi zinayi nthawi imodzi. Koma mwauzanso emerge kuti izimanga mapaketi anayi pamodzi, ndipo paketi iliyonse imatenga -j9 yakeyake. Manambala awiriwa amachulukitsidwa: 9 kuchulukitsa ndi 4 ndi 36. Ndiye kuti zinthu zikakumana moipa, laputopu ya ma-core 4 imakhala ikukankha ma-compiler 36. Malangizo odziwika a Gentoo amati muziwerengera pafupifupi 2 GB ya RAM pa ntchito iliyonse, makamaka pa mapulogalamu akuluakulu a C++. Inu muli ndi 8 GB, ndipo ina mwa imeneyo yatengedwa kale ndi desktop komanso msakatuli amene mwatsegula. Ngakhale -j9 yokha, popanda zinazo, inali yoposa kale muyezo.

RAM ikadzaza, kernel, mtima wa Linux, imayamba kusamutsira zinthu ku swap, pa disiki. Disiki, ngakhale ikhale SSD yabwino, imachedwa kutali kwambiri poyerekeza ndi RAM. Compiler iliyonse imafuna kachidutswa kake kabwezedwe, kuti kabwezedwe kachidutswa ka inzake kayenera kutulutsidwa, inzakeyo nayo n'kuyamba kudikira. Nthawi ina mukadzaona mausi yauma, yesani kupita pa terminal n'kutsegula htop, kapulogalamu koonetsa zimene makina akuchita. Mudzaona mzere wa Mem wadzaza mpaka kumapeto, wa Swp nawo ukukwera, ma-cc1plus ali ndandanda koma ambiri ali ndi chilembo D, kutanthauza kuti akudikira disiki, pamene kanyali ka disiki kali chiyakire osaphethira. Makina amaoneka otanganidwa kwadzaoneni, koma ntchito yeniyeni ikuyenda ngati nkhono. Zikafika poipitsitsa kernel imasankha process imodzi yodya RAM yambiri n'kuipha kuti ena apume. Ndi imfa ya cc1plus yanu ija. Lembani dmesg n'kufufuza mawu akuti Out of memory, mudzaipeza italembedwa pamenepo ndi nthawi yake.

Ine ndemwe ndinagwapo m'dzenje limeneli. Pa seva ina ya kuntchito, imene inali ndi ma-core ambiri koma RAM yochepa, ndinakweza manambala onse awiri Lachisanu poweruka, ndikudzitama mumtima kuti Lolemba ndipeza zonse zatha. Lolemba ndinapeza makina osayankha ngakhale pa SSH, njira yolowera m'makina uli kutali, ndipo update inali itaima pa paketi yomweyo kuyambira Loweruka m'mawa. Nditatsitsa nambala kufika pa theka la yakale, ntchito yonse inatha tsiku lomwelo. Kuthamanga sikufika, akuluakulu ananena.

Kwa inu ndikanayamba ndi MAKEOPTS="-j4 -l4", ndipo emerge ndikanaisiya kuti izimanga paketi imodzi kapena awiri basi nthawi imodzi, ndi --load-average=4. Chilembo -l chimauza make kuti isayambitse ntchito yatsopano ngati makina alemedwa kale kufika pa nambala imeneyo. Si mpanda wolimba kwenikweni, chifukwa load imachedwa kuonetsa zimene zikuchitika, koma imathandiza. Zimphona zija muzipatse lamulo lawolawo. Pangani failo mu /etc/portage/env, titi zolemera.conf, mulembemo MAKEOPTS="-j2", kenako mu /etc/portage/package.env mulembe dzina la paketi, monga dev-qt/qtwebengine, motsatizana ndi dzina la failoyo. Timapaketi ting'onoting'ono tizithamanga ndi -j4, chimphona chizipita pang'onopang'ono koma osagwa. Kumanga kwa maola khumi kumene kwafika kumapeto kumaposa kwa maola asanu ndi limodzi kumene kwafera pa ola lachisanu, kawiri.

Ganiziraninso za zram. Imeneyi ndi swap yokhala mu RAM momwemo koma yopanikizidwa, moti zinthu zambiri zimakwana pamalo ochepa. Siisandutsa 8 GB kukhala 16, koma imachepetsa kuuma kwa makina RAM ikayandikira kudzaza. Ndipo tsiku lomanga chimphona, tsekani msakatuli. Ma-tabu makumi awiri otsegula amadya malo a compiler imodzi kapena ziwiri.

Za -O3 ndi LTO, njira zouza compiler kuti ikonze pulogalamu yothamanga, ndilankhula mosabisa: pa laputopu ngati yanu, zichotseni. Munamva zoona kuti zimathamangitsa, koma zimene zimathamanga, ngati zathamanga n'komwe, ndi pulogalamu ikamalizidwa kumangidwa. Kumangako kumachedwa. -O3 imapatsa compiler ntchito yowonjezera, ndipo pa mapulogalamu ambiri a tsiku ndi tsiku kusiyana kwake ndi -O2 simungakuone ndi maso. LTO imasunthira ntchito yaikulu kumapeto, pa nthawi yolumikiza zidutswa zonse kukhala pulogalamu imodzi, ndipo pamenepo RAM imadyedwa kwambiri. USE flag (chosankha choyatsa kapena kuzimitsa mbali ina ya pulogalamu) ya pgo, ngati munaiyatsa pa gcc, python kapena firefox, imachititsa kuti pulogalamu imangidwe, iyesedwe, kenako imangidwenso kachiwiri. GCC payokha imadzimanga kale katatu pofuna kudzitsimikizira kuti ili bwino, ndiye tangoganizani mukaiwonjezera pgo ndi lto. Bwererani ku -O2 -pipe ndi -march yoyenera purosesa yanu. Ngati mu CFLAGS, mzere wa malangizo opita kwa compiler, muli -g, imene imasunga zothandizira pofufuza zolakwika, ichotseninso pokhapokha ngati mukuifunadi, chifukwa imanenepetsa mafailo n'kulemetsa linker, chida cholumikiza zidutswa zija.

Chenjezo limodzi pano: mukasintha CFLAGS, Portage simanganso zakale yokha, ndipo ndi bwino choncho. Musatengeke ndi maganizo olemba emerge -e @world, lamulo lomanganso zonse, kuti "zonse zifanane". Mapaketi omangidwa ndi -O3 ndi omangidwa ndi -O2 amakhalira limodzi popanda mkangano. Adzasintha okha, imodziimodzi, akamalandira update.

Zonse ndanenazi zimachotsa nthawi yotayika pachabe. Chimene chimadula nthawi kwambiri n'china: kusamanga n'komwe. Anthu ena a Gentoo amaona ngati n'kugonja kutenga paketi yomangidwa kale, koma ine sindigwirizana nawo. Kodi mukamanga nokha compiler ya Rust kwa maola angapo, n'kungoigwiritsa ntchito pomanga mapaketi ena ochepa, mwapindula chiyani? Gentoo ili ndi rust-bin, firefox-bin, thunderbird-bin, libreoffice-bin ndi gentoo-kernel-bin, ndipo onsewa amangotsitsidwa n'kuikidwa m'mphindi zochepa. Kungosintha mayina atatu kapena anayi amenewa kumabweza usiku wathunthu pa update iliyonse yaikulu.

Kuposa apo, mu Disembala 2023 Gentoo inalengeza kuti yayamba kupereka mapaketi ambiri omangidwa kale pa maseva ake, makamaka a mapurosesa a mtundu wa amd64 ndi arm64. Malo otengako amalembedwa mu /etc/portage/binrepos.conf, ndipo mukaika getbinpkg mu FEATURES, kapena kuwonjezera -g pa lamulo la emerge, Portage imayamba yafufuza ngati pali paketi yomangidwa kale yogwirizana ndi zimene mukufuna. Ikaipeza imaitsitsa. Ikapanda kuipeza imamanga kuchokera ku source code monga mwa nthawi zonse. Zonse ziwiri zimasakanikirana pa makina amodzi popanda vuto. Yatsaninso binpkg-request-signature kuti siginecha ya paketi iliyonse iziyamba yatsimikizidwa, ndipo kapulogalamu ka getuto ndi kamene kamakonza makiyi ake.

Pali mfundo imodzi imene imakhumudwitsa anthu ambiri poyamba. Paketi yomangidwa kale imatengedwa pokhapokha ngati ma-USE flag ake akufanana ndi anu. Ngati munasintha ma-flag ambiri mu make.conf, Portage izikana mapaketi ambiri n'kumamangabe yokha, inu n'kumadabwa kuti bwanji palibe chasintha. Werengani uthenga umene emerge imatulutsa: imatchula mapaketi amene yawakana chifukwa cha kusiyana kwa USE, ndi flag yeniyeni imene yasiyana. Nthawi zambiri mudzapeza kuti ndi flag imodzi imene munaiyatsa kalekale pa makina onse pamene inkafunika pa pulogalamu imodzi yokha. Isamutsireni ku package.use, pa pulogalamu imeneyo basi. Dziwaninso kuti mapaketi okonzekawa amatsatira kwambiri nthambi ya stable, choncho amene anaika ~amd64, nthambi yoyesera, pa makina onse sapindula nawo mofanana. Kwa laputopu ya 8 GB, stable ndi mapaketi okonzeka ndiye njira imene ndingakulangizeni, n'kumamanga nokha zokhazo zimene mukufunadi kuzisintha. Ufulu wosankha, umene unakukokerani ku Gentoo, ukhalapobe pamalo pamene mukuugwiritsadi ntchito.

Nanga qtwebengine yakuvutitsaniyo, anaiitana ndani? Paketi imeneyi kwenikweni ndi injini ya Chromium yokutidwa kuti igwire ntchito ndi Qt, n'chifukwa chake imalemera chotere. Anthu ambiri sanaisankhe okha, inangobwera pambuyo pa pulogalamu ina. Lembani equery depends qtwebengine, lamulo lochokera mu gentoolkit, muone amene akuifuna. Mwina mupeza kuti ndi kapulogalamu kamodzi kamene munakayesa chaka chatha n'kukaiwala, kapena paketi imene ili ndi flag ya webengine yotheka kuizimitsa. Mukachotsa woitanayo n'kulemba emerge --depclean, chimphonacho chimachoka ndipo simudzachimanganso. Chitaninso zomwezo ndi webkit-gtk. Ndinaonapo laputopu imene inkamanga injini zitatu za msakatuli pa update iliyonse, mwini wake akugwiritsa ntchito imodzi yokha. Mukatsegula failo ya /var/lib/portage/world, mndandanda wa mapaketi amene munawaika nokha, n'kuwerenga mzere ndi mzere, mudzapeza zina zimene simukumbukira n'komwe chifukwa chake munaziika.

Lamulo lanu lomwe lija lili ndi kena kofunika kukonza. Chilembo N mu -uDN chimaimira --newuse, ndipo chimamangitsanso paketi ngakhale pamene osamalira paketiyo angowonjezera kapena kuchotsa flag imene inu simunaiyatse. Mukalemba U wamkulu m'malo mwake, amene ndi --changed-use, Portage imamanganso pokhapokha ngati kusinthako kukukhudzadi zimene zayatsidwa pa makina anu. Choncho zoloŵerani emerge -avuDU @world. Chilembo a chimaimitsa ntchito kuti muone mndandanda musanavomere. Uwerengeni mndandandawo, musamangodina y. Wonjezeraninso --keep-going, kuti paketi imodzi ikalephera pakati pa usiku zotsalazo zipitirire, osati kudzuka m'mawa n'kupeza makina akhala chete kuyambira 11 koloko. Ntchito ikadukizidwa, emerge --resume imayambira pamene mndandanda unalekezera, ngakhale paketi imene inali pakati imayambiranso pachiyambi.

Pali kumanganso kwina kumene simungakupewe. Library monga icu kapena boost ikasintha m'njira yakuti mapulogalamu akale sangagwirizane nayo, onse odalira iyo amayenera kumangidwanso, ndipo mwatsoka zimphona zija zimakhala m'gulu limenelo. Mu mndandanda wa emerge zimaoneka ndi zilembo rR. Momwemonso Gentoo ikasintha Python imene makina onse amadalira, kapena Perl yatsopano ikafika. Mukakhala miyezi inayi osachita update, zonsezi zimakupezani tsiku limodzi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine ndimakonda kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri: mndandanda umakhala waufupi, ndipo chinthu chikalakwika n'chosavuta kudziwa chimene chalakwitsa. Koma kuchita update tsiku lililonse nakonso kuli ndi mtengo wake kwa womanga yekha msakatuli, chifukwa Firefox kuyambira 2020 yakhala ikutulutsa mtundu watsopano pafupifupi masabata anayi alionse, osawerengera tizigamba ta pakatipakati. Mungathe kusiya chimphona pambali ndi --exclude n'kudzachimanga tsiku limene muli ndi mpata. Msakatuli yekha musamamuzengereze nthawi yaitali, chifukwa ambiri mwa ma-update ake amatseka mabowo a chitetezo.

Mudzamva anthu akutamanda ccache, ndiye ndikuuzeni pamene imathandiza ndi pamene siithandiza. Imasunga zotsatira za failo iliyonse imene yakompailidwa, ndipo ikadzaona failo yomweyo, ndi ma-flag omwewo, ndi compiler yomweyo, imangopereka zakale zija. N'chida chabwino zedi kwa munthu amene akumanga pulogalamu imodzi mobwerezabwereza, kapena pamene kumanga kwalephera chakumapeto n'kufuna kuyambiranso. Chikanakupulumutsani maola angapo pa qtwebengine yanu imene inafa kawiri. Koma pa update wamba source code imakhala yasintha, header imodzi yofunika ikasintha mafailo mazanamazana odalira iyo amaoneka atsopano, ndipo GCC ikasinthidwa zosungidwa zonse zimakhala zopanda ntchito. Ulendo woyamba imachedwetsako pang'ono, imadya malo pa disiki, ndipo sithandiza pa Rust, imene ili ndi chida china chotchedwa sccache. Ngati mukufuna kuiyesa, iyatseni pa mapaketi awiri kapena atatu akuluakulu kudzera mu package.env yomwe ija, kenako pakapita mwezi muone ccache -s. Manambala akakuonetsani kuti sikupeza zambiri zobwereza, izimitseni.

Malangizo ena otchuka ndi oika /var/tmp/portage pa tmpfs, kuti kumanga kuzichitikira mu RAM. Kwa amene ali ndi 32 GB kapena kuposa, n'zabwino. Kwa inu ayi, chifukwa mungakhale mukulanda compiler chinthu chomwecho chimene ikusowa. Linker zothamanga monga lld ndi mold zimafupikitsa gawo lomaliza la mapulogalamu akuluakulu, koma gawo limenelo ndi laling'ono poyerekeza ndi maola okompaila, ndipo mapaketi ena samangika nazo bwino. Ndikanazisiya mpaka zinazi zitakhazikika.

Ngati muli ndi kompyuta ina yamphamvu pafupi, nkhani imasintha. Pali distcc, imene imagawira makina ena ntchito yokompaila kudzera pa netiweki. Imagwira ntchito, koma imafuna kuti makina onse akhale ndi GCC ya mtundu wofanana, sigwirizana ndi -march=native, ndipo ntchito yokonzekera ndi yolumikiza imatsalirabe pa laputopu yofookayo. Njira imene ndimaikonda ndi yakuti kompyuta yamphamvuyo imange mapaketi athunthu, ndi buildpkg mu FEATURES, pogwiritsa ntchito profile ndi ma-USE flag ofanana ndi a laputopu, laputopu n'kumangotenga zomalizidwa. Samalani chinthu chimodzi: -march ikhale yogwirizana ndi purosesa ya laputopu, osati ya makina omangawo. Mukalakwitsa apa, mapulogalamu azifa ndi uthenga wakuti Illegal instruction, ndipo ngati wofayo ndi bash kapena python, tsiku lanu lawonongeka.

Feni yolirayo tisaiiwale. Laputopu ikatentha kwambiri, purosesa imadzitsitsa liwiro yokha kuti isapse, ndipo imatha kukhala maola ambiri ikuyenda pansi pa mphamvu yake inu osadziwa. Ikani lm-sensors, lembani sensors kumanga kuli m'kati, muonenso liwiro la ma-core mu /proc/cpuinfo. Kutentha kukamakhala m'ma 90 °C ndi kuposa, liwiro n'kumatsika, ndiye kuti fumbi latseka potulukira mpweya kapena phala lopititsa kutentha pakati pa purosesa ndi chitsulo chake lauma. Musaiike pabedi kapena pamiyendo ikamamanga. Ikhale patebulo, kumbuyo kwake kutatukulidwa pang'ono, chaja chili cholumikiza, chifukwa pa batire makina ambiri amadzichepetsa mphamvu mwadala.

Ngati kuchedwa kwina mukukuona pa mawu akuti Calculating dependencies, kumanga kusanayambe n'komwe, imeneyo ndi nkhani ina. Portage inalembedwa mu Python, ndipo kuwerengera kumeneku kumadalira kwambiri core imodzi, moti -j iliyonse siikuthandiza. Kumatalika pamene pali mikangano yambiri pakati pa mapaketi, Portage n'kumabwerera m'mbuyo kuyesa njira zina. Mankhwala ake ndi omwe aja: update ya pafupipafupi, world yoyera, ndi kuchotsa mizere yakale mu package.mask ndi package.accept_keywords imene inatha ntchito.

Kwa owerenga ena amene sali pa Gentoo, maganizo ake ndi omwewa ngakhale mayina asiyane. Homebrew ikayamba kukompaila kwa maola, kawirikawiri ndiye kuti palibe bottle (paketi yomangidwa kale) ya macOS yanu, mwina chifukwa yakalamba. Pa Arch, mapaketi a AUR amamangidwa ndi makepkg, ndipo nambala ya -j imaikidwa pa MAKEFLAGS mu /etc/makepkg.conf. Ambiri ali ndi anzawo omangidwa kale, othera ndi -bin. Pa FreeBSD, pkg imapereka zomangidwa kale pamene ports imamanga. Ngakhale pip ikamachedwa modabwitsa, nthawi zambiri yasowa wheel (paketi yomangidwa kale) yogwirizana ndi Python yanu ndipo ikumanga yokha.

Pa funso logula kompyuta ina, ndikuti dikirani kaye. Konzani make.conf, tengani mapaketi okonzeka, chotsani zimene simukuzifuna, kenako muyezenso ndi qlop pa update yotsatira. Ngati mukufunabe kuwonjezera china, onani ngati laputopuyo imalola kuwonjezera RAM, chifukwa ena anaimatirira pa bolodi. Kuchoka pa 8 GB kufika pa 16 GB kungakuthandizeni kuposa ma-core owonjezera, popeza ma-thread 8 amene muli nawo kale simukutha kuwadyetsa onse. Ngati disiki yanu ndi yakale yozungulira, SSD ndiye chinthu chachiwiri. Kusiya Gentoo si tchimo ngati mwaona kuti simukusinthamo kanthu, koma chisankho chimenecho muchipange mutaona mmene ikuyendera itakonzedwa, osati muli ndi mkwiyo wa Lamlungu usiku.

Pali zizindikiro zina zimene sizikhudzana ndi make.conf, ndipo mukaziona musalimbane nazo nokha. Ngati mwatsitsa -j, RAM sikudzaza, koma compiler ikumafabe ndi internal compiler error kapena Segmentation fault pa failo yosiyana ulendo uliwonse, kaikirani RAM yeniyeniyo kapena kutentha. Yendetsani Memtest86+ usiku wonse, ndipo ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, pitani nayo kwa okonza makompyuta. Ngati dmesg ikuonetsa I/O error, kapena smartctl ikuchenjeza za disiki, koperani mafailo anu ofunika tsiku lomwelo musanamange china chilichonse. Laputopu imene imazima yokha pakati pa ntchito yolemera nayo ndi ya m'manja mwa amisiri. Koma ngati paketi ikulephera pa failo yomweyo, ndi uthenga womwewo, ulendo uliwonse, vuto lili mu paketiyo kapena m'ma-flag anu. Chotsani -O3 ndi LTO muyesenso kamodzi. Ikalepherabe, fufuzani pa Bugzilla ya Gentoo ngati wina ananena kale, ndipo ngati palibe, lembani lipoti lanu mutaphatikiza build.log yonse ndi zotuluka za emerge --info. Mukandilemberanso, nditumizireni ziwiri zomwezo pamodzi ndi manambala a qlop a mapaketi asanu olemera kwambiri pa makina anu.